Woweruza amadya kuti? Malipiro a pa benchi kuchokera ku Broken Hill kufika ku Kabwe

Lolemba m'mawa, pa khonde la khoti laling'ono lija timalitcha Local Court, mupezapo anthu amene ku High Court simungawaone. Pali mayi wa ku Makululu amene mwamuna wake anatuluka m'nyumba n'kumusiyira ana atatu. Pali mnyamata wa ku Bwacha amene wapereka mimba, wakhala pakati pa amalume ake awiri amene sakumuyang'ana n'komwe. Pali wamasiye wa ku Katondo amene abale a malemu akufuna kumulanda mbale ndi malata omwe. Wina anakongoza mnzake mpamba wa kantemba, lero mnzakeyo akuti sakukumbukira. Loya pano palibe, poti lamulo silimulola kuimira munthu pa milandu ya mtundu uwu. Pali inu, amene mwayambana naye, mboni zanu, ndi munthu uja wakhala kutsogolo, amene akati ukwati watha ndiye kuti watha.

Munthu ameneyu amadya kuti? Ndani amamulipira, ndipo ndani angathe kumuchepetsera malipiro akakwiya naye? Funsoli limamveka ngati la m'maofesi, koma mayi wa ku Makululu uja likumukhudza kuposa wina aliyense, chifukwa mwamuna wake ndiye ali ndi ndalama m'thumba.

Mu Zambia tili ndi lamulo la malipiro otsikitsitsa. Mu January 2024 lamuloli linati wantchito wa m'nyumba asalandire zochepera K1,300 pa mwezi. Kale zinali K993.60. Ogulitsa m'sitolo nawonso ali ndi mlingo wawo. Malamulo amenewa sakhudza ogwira ntchito m'boma, choncho woweruza sali m'menemo. Chomuteteza iye n'chamtundu wina: lamulo loti malipiro ake achokere ku thumba lodziwika, ndiponso kuti asachepetsedwe iye ali pa mpando. Lamulo limeneli lili ndi mbiri yaitali, ndipo kuno linalowera pamwamba, kwa majaji a mawigi. Pansi pano linachedwa kufika.

Linabadwira ku England. M'zaka za m'ma 1600 mafumu a kumeneko ankachotsa jaji aliyense amene chigamulo chake sichinawakomere. Mu 1701 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Act of Settlement, lomwe linati jaji akhale pa ntchito malinga ngati khalidwe lake lili bwino, ndipo malipiro ake akhale odziwika ndi okhazikika. Koma Angerezi anasunga ubwino umenewu kwawo. M'maiko amene ankawalamulira, jaji ankakhalabe pa mpando mwa chifuniro cha mfumu. Anthu a ku America polemba chikalata chawo cha ufulu mu 1776, chimodzi mwa zodandaula zawo chinali chimenechi, chakuti Mfumu George III inagwira majaji pakhosi kudzera pa ntchito ndi pa malipiro awo. N'chifukwa chake m'malamulo oyendetsera dziko lawo analembamo kuti malipiro a jaji asachepetsedwe ali pa udindo. Alexander Hamilton, pofotokoza chifukwa chake mu 1788, anati amene wagwira chakudya cha munthu wagwiranso maganizo ake. Aliyense amene anakulira pa nyumba ya wachibale akudziwa zimenezi popanda kuwerenga buku.

Musaganize kuti zinasintha msanga. Mu 1953, Zambia isanabadwe koma agogo athu ali kale pa mgodi, jaji wina dzina lake Terrell amene anagwirapo ntchito ku Malaya anasumira boma la Britain pomupumitsa ntchito nthawi isanakwane. Khoti la ku London linamuuza kuti lamulo la 1701 silinawoloke nyanja, ndipo jaji wa m'dziko la atsamunda amakhalapo mwa chifuniro cha mfumu basi. Ngati mzungu wa wigi analibe pogwira, nanga woweruza wachikuda wa ku Broken Hill?

Tauni yathuyi inayamba ndi mtovu ndi zinki zimene T. G. Davey anapeza mu 1902. Njanji inafika mu 1906, ndipo anthu anakhamukira kuno kuchokera konsekonse: Alenje eni nthaka, Aswaka ndi Alala a pafupi, Abemba, Ansenga, Angoni, Achewa a ku Fort Jameson ndi a ku Nyasaland. Nthawi imeneyo dziko linali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company, mpaka 1924. Woweruza wa munthu wakuda m'tauni anali bwana wa pa boma. Yemweyo ndiye ankatolera msonkho, yemweyo n'kuweruza amene walephera msonkho, yemweyonso n'kuyang'anira ndende imene wolepherayo akagonemo. Malipiro ake sanali a woweruza. Anali a wantchito wa boma amene kukwezedwa kwake kunkadalira kuti dera lake lili phee ndipo msonkho ukulowa.

Kumudzi milandu inkapita pa bwalo la mfumu, monga kale. Pamenepo panalibe malipiro a pa mwezi. Wobweretsa mlandu ankabwera ndi kanthu ka pabwalo, nkhuku kapena mbuzi malinga ndi kukula kwa nkhani, ndipo nduna zinkadya pamaso pa onse. Tisaziyeretse kwambiri, kukondera kunalipo. Koma mfumu yokondera inkakumana ndi okonderedwa ndi oponderezedwa omwe pa maliro ndi pa mowa, ndipo mudzi wotopa unkatha kusamuka usiku umodzi n'kuisiya ndi mabwinja.

Mu 1929 boma la atsamunda linapanga malamulo awiri, lina lozindikira mafumu ngati Native Authority, lina lozindikira mabwalo awo ngati Native Court. Mu 1936 malamulowa anawalembanso, ndipo anawonjezeramo chinthu chimene chili pakati pa nkhani yathu: thumba la ndalama la mfumu iliyonse yaikulu, Native Treasury. M'thumbamo munkalowa gawo limodzi mwa magawo 10 a msonkho wa m'deralo, ndalama za malaisensi a njinga, agalu ndi mfuti, ndiponso ndalama zosumira ndi za chindapusa za pa khoti. M'thumba lomwelo ndimo munkachokera malipiro a mfumu, nduna zoweruza, kalaliki wa khoti ndi akapaso.

Taimani pamenepa pang'ono. Sindikunena kuti mfumu inkadula gawo lake pa mutu wa wolakwa aliyense. Koma khoti limene likulipiritsa chindapusa linali kudzaza mphika umene oweruza ake omwe akapakulemo. Dera la anthu ochepa ndi osauka linali ndi mphika waung'ono, ndipo oweruza ake ankapakula pang'ono. Panalibe mlingo umodzi wa dziko lonse wonena kuti woweruza asalandire zochepera apa.

Chodabwitsa n'chakuti zaka zochepa m'mbuyomo, khoti lalikulu la ku America linali litagamula kale kuti kachitidwe kofanana ndi aka n'kosayenera. M'zaka za m'ma 1920 dziko limenelo linaletsa mowa. M'kamudzi ka North College Hill ku Ohio, meya ndiye analinso woweruza, ndipo ankazenga milandu ya opezeka ndi mowa, tinene kuti kachasu wa kumeneko. Munthu wina, Ed Tumey, anamulipiritsa madola 100. Pa mlandu umenewo meya ankalandirapo madola 12, koma pokhapokha munthuyo akapezeka wolakwa. Akamumasula, meya sapeza kalikonse. Gawo lina la chindapusa linkalowa m'thumba la mudzi umene meyayo ankauyendetsa. Mu 1927 khoti lalikulu, motsogozedwa ndi William Howard Taft, linafafaniza chigamulocho. Silinanene kuti meya uja anali wakuba. Linati lamulo lisaike munthu wamba pa mayesero otere n'kumayembekeza kuti iye ndi mngelo.

M'matauni a Northern Rhodesia munali vuto lina. Kunalibe mfumu ya Broken Hill. Godfrey Wilson, amene anafufuza moyo wa m'tauni muno cha m'ma 1939 ndi 1940, anawerengera kuti anthu akuda analipo pafupifupi 15,000, ambiri a iwo atakhazikika ndi akazi ndi ana, pamene boma linkawayesabe alendo odzabwerera kumudzi. Anthu amenewa ankakwatirana mitundu yosiyana, ankakongozana, ankatukwanana pa mpopi. Mlandu suola, koma bwana wa pa boma analibe nthawi kapena chidziwitso choweruzira nkhani ya chiwongo pakati pa Mlenje ndi Mngoni. Choncho kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anakhazikitsa makhoti a m'tauni, Urban Native Court, ku migodi ya kopa ndi m'matauni a m'mbali mwa njanji, Broken Hill ili momwemo. Oweruza ake anali akuluakulu osankhidwa ndi mafumu a kumadera kumene antchito ambiri ankachokera, boma n'kuwavomereza. A. L. Epstein, amene anakhala m'makhoti otere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 n'kulemba za iwo, anapeza kuti anthu ankawagwiritsa ntchito kwambiri. Koma woweruza wa pamenepo anali ndi mabwana awiri, mfumu imene inamutuma ndi DC amene ankatha kuunikanso chigamulo chake. Ameneyu ndiye kholo la munthu uja wakhala kutsogolo Lolemba m'mawa.

Tikatchula Mulungushi timakumbukira thanthwe lija kumpoto kwa tauni, kumene UNIP inasonkhana mu 1961 dziko lisanalowe m'chipwirikiti cha Cha Cha Cha, ndiponso kumene a Kenneth Kaunda, pa 19 April 1968, analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 m'makampani akuluakulu a alendo. Zimenezo zili m'mabuku a sukulu. Lamulo la Local Courts Act la 1966 lilibe thanthwe, lilibe nyimbo, koma kwa munthu wa m'komboni linasintha zambiri. Linathetsa makhoti a "Native", linachotsa kuweruza m'manja mwa mafumu, n'kulumikiza makhoti aang'onowa ku nthambi ya zamalamulo ya dziko, kuti wosakhutira athe kukachita apilo kwa majisitireti mpaka kumwamba. Mathumba a mafumu aja anali atatha kale pamodzi ndi ma Native Authority. Kuyambira pamenepo woweruza wa khoti laling'ono anayamba kulipidwa ndi boma la ku Lusaka, osatinso kuchokera mumphika wa chindapusa. Limeneli linali phazi lalikulu, ndipo tiyenera kulivomereza.

Koma chitetezo chenicheni chija cha 1701 chinapita kwina. Malamulo oyendetsera dziko a 1964 anachipereka kwa majaji a makhoti akuluakulu: sangachotsedwe wamba, malipiro awo amachokera mwachindunji ku thumba la dziko, ndipo sangachepetsedwe. Majisitireti ndi oweruza a makhoti aang'ono anatsala m'gulu la antchito a boma wamba, pa masikelo omwewo a makalaliki.

Ngakhale a pamwambawo anaona kuti pepala siligwira mwala. Mu July 1969 jaji Ifor Evans anafafaniza chilango chimene majisitireti anapereka kwa asilikali awiri a Chipwitikizi amene anadumpha malire kuchokera ku Angola. A Kaunda anakwiya poyera, mkulu wa majaji James Skinner anaikira kumbuyo mnzake, ndipo achinyamata a Zambia Youth Service anathamangira ku High Court ku Lusaka n'kuswa zinthu, majaji atadzitsekera mkati. Palibe amene anakhudza malipiro a Skinner ngakhale ngwee imodzi. Anachoka yekha, ndipo mu 1970 anakakhala mkulu wa majaji ku Malawi, kumene anagwira mpaka 1985.

Mdani wamkulu wa malipiro a woweruza, komabe, sanabwere ndi miyala. Kwacha itayamba mu 1968 inali yamphamvu kuposa dola. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, ngongole zinakwera, ndipo mu October 1985 boma linayamba kugulitsa ndalama zakunja pa okushoni. Dola imene inali pa K2 ndi kanthu inali itafika cha m'ma K20 pofika mu April 1987. Ufa unabutsa zipolowe ku migodi mu December 1986 ndi ku Lusaka mu June 1990. Mu 1992 ndi 1993 mitengo ya zinthu inkakwera ndi maperesenti oposa 150 pa chaka. Werengani nokha: zinthu zikakwera choncho, K100 ya mu January imagula za K40 pofika December. Lamulo limati malipiro asachepetsedwe, ndipo sanachepetsedwedi. Nambala ya pa pepala inali yomweyo. Chimene chinachepa ndi thumba la ufa.

Anthu a mu Kabwe safunika kuwafotokozera zaka zimenezo. Mgodi unatsekedwa mu 1994, n'kutisiyira fumbi la mtovu limene ana a ku Chowa ndi Kasanda akupumabe. Njanji inachotsa anthu ntchito. Mulungushi Textiles inalimbalimba mpaka inaima mu 2007. Tauni ikasauka milandu ya pa khoti laling'ono sichepa, imachuluka: ngongole, nyumba za malemu, maukwati osweka ndi njala. Lamulo la 1989 logawa chuma cha munthu womwalira wopanda wilo linabweretsa amasiye ambiri pa khonde lija, kudzafuna kalata ya woyang'anira chuma. Ndipo amene ankagwira cholembera pa nkhani za nyumba ndi penshoni za ena anali munthu amene malipiro ake omwe sankafika pa 15 mwezi. M'zaka zimenezi ndi mmene mawu akuti nchekeleko anazolowereka m'kamwa mwa anthu. Oweruza ambiri anakana, n'kumayenda wapansi kupita ku ntchito ndi nsapato zong'ambika. Ena sanakane. Dziko linawaika onsewo pa mayesero aja Taft ankanena, kungoti mwa njira ina.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwerera mu 1991 panakhala kusintha. Lamulo la Judicature Administration Act la 1994 linapatsa makhoti ofesi yawoyawo yoyendetsera ntchito ndi ndalama, m'malo mokhala ngati kanthambi ka unduna. Mu 1996 panabwera Judges (Conditions of Service) Act, lonena za malipiro, penshoni ndi zina za majaji. Koma onani mawu akuti jaji: ankatanthauza a makhoti akuluakulu okha. Onaninso amene lamulolo linamupatsa mphamvu yolemba nambala: Pulezidenti, kudzera m'chikalata cha boma. Sangachepetse, inde, koma akhoza kukweza lero kapena kuiwala zaka zitatu. Mwana amene sumumenya koma umangomumana ndiwo amamva ndithu.

Ndipo zinaoneka kuti malipiro abwino pawokha sakwanira. Mu 2002 mkulu wa majaji Matthew Ngulube, munthu amene ankalemekezedwa chifukwa cha zigamulo zake, anatula pansi udindo zitaululika kuti analandira madola oposa 100,000 kuchokera ku akaunti ya Zamtrop, imene nthambi ya ukazitape inkasunga ku London m'nthawi ya a Frederick Chiluba. Amene amati woweruza wa ku komboni yekha ndiye amagwa chifukwa cha njala akumbukire nkhani imeneyi. Kwa ine imaonetsa kuti funso lakuti "zingati" lili ndi mnzake wosasiyana naye, lakuti "zachokera kwa yani, ndipo zadutsa khomo liti".

Anansi athu a ku Malawi, polemba malamulo awo atsopano mu 1994, anaona msampha wa kukwera mitengo uja. Gawo 114 limati malipiro a woweruza amakhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo, sachepetsedwa iye asanavomere, ndipo awonjezeredwe nthawi ndi nthawi kuti mphamvu yake yogulira ikhale monga inalili poyamba. Pa pepala, amenewa ndi mawu abwino kuposa athu. Koma kumayambiriro kwa 2012 makhoti a ku Malawi anatsekedwa kwa miyezi yoposa iwiri, ogwira ntchito atanyanyala ponena kuti zimene zinavomerezedwa mu 2006 boma silinazipereke, ndipo kumapeto kwa 2014 anatsekanso. Amene anavutika kwambiri si nduna. Anali anthu amene apolisi anawagwira, osakhoza kupempha belo chifukwa palibe wowamva, akugona mothithikana m'zitolokosi. Ife a mu Kabwe, amene Mukobeko tili nayo pakhomo, tikudziwa kuti tsiku limodzi la khoti lotseka limatalika bwanji kwa munthu wa pa rimandi.

Kuno, kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko kwa mu January 2016 ndiko kunasuntha mwala. Gawo 123 limati nthambi ya makhoti iziyendetsa yokha ndalama zake, izilankhula mwachindunji ndi unduna wa zachuma, ndipo izipatsidwa ndalama zokwanira chaka chilichonse. Malamulo omwewo anakhazikitsa bungwe la Emoluments Commission kuti ndilo lizigamula malipiro a majaji ndi a onse ogwira ntchito za boma, m'malo mwa cholembera cha munthu mmodzi. Anatinso malipirowo azichokera ku thumba lalikulu la Consolidated Fund, ndipo wogwira udindo wa boma asachepetseredwe ali pa ntchito. Woweruza wa khoti laling'ono, amene masiku ano amatchedwa Local Court Magistrate, anatchulidwa ndi dzina m'malamulowo monga mmodzi wa maofesala a zoweruza, patatha zaka 50 chikhazikitsire khoti lake. Lamulo loyambitsa ntchito ya bungwe lija linadikira mpaka 2022.

Mawu aja a ku Malawi, oti malipiro azithamangitsana ndi mitengo, m'malamulo a 2016 mulibe. Mawu akuti "zokwanira" alimo, koma alibe nambala, ndipo amene amaika nambala pa bajeti akadali nduna ya zachuma ndi aphungu. Makhoti aang'ono alipo mazana angapo m'dziko muno, ndipo ndi amene amamva milandu ya anthu wamba yochuluka kuposa makhoti ena onse. Mabenchi ake ndi osalala ndi kukhalidwa. Kalaliki amaitana dzina, mayi wa ku Makululu amadzuka n'kumanga bwino chitenje, mwamuna wake amalowa pambuyo akuseweretsa makiyi a galimoto, ndipo onse awiri amaima pamaso pa munthu amene wabwera pa minibasi.